Nambala ya 2,147,483,647: Mpangidwe Wake ndi Magulu Amene Imapezekamo

Mawu Oyamba

Ife amene timaphunzira za chiyankhulo tinazolowera kuika mayina m'magulu. Mayina akuti "munthu" ndi "mudzi" amayamba mofanana, koma sitiwaika m'gulu limodzi chifukwa agwirizanitsi awo ndi osiyana. Timati munthu akukula, koma mudzi ukukula. Chimene chimaika dzina m'gulu ndi khalidwe lake likalowa m'chiganizo. Akatswiri a masamu nawonso amaika manambala m'magulu, ndipo iwo amayang'ana khalidwe la nambala ikamagawidwa ndi inzake.

M'nkhani ino ndifotokoza za nambala imodzi yaikulu, 2,147,483,647. Ndaisankha chifukwa inavutitsa akatswiri a masamu a ku Ulaya kwa zaka pafupifupi 200, ndiponso chifukwa ndi malire a kawerengedwe ka makompyuta ambiri, malire amene akonzi a mapulogalamu akuda nawo nkhawa pamene chaka cha 2038 chikuyandikira. Mfundo yanga ndi yakuti zinthu ziwirizi zimachokera pa gwero limodzi, lomwe ndi mpangidwe wa nambalayi.

Katchulidwe ndi Kukula Kwake

M'zokamba za tsiku ndi tsiku ambiri a ife timatchula manambala akuluakulu m'Chingerezi, komabe Chichewa sichilephera kutchula nambalayi. Tingati: mabiliyoni awiri, mamiliyoni zana limodzi ndi makumi anayi mphambu asanu ndi awiri, zikwi mazana anayi ndi makumi asanu ndi atatu mphambu zitatu, mazana asanu ndi limodzi ndi makumi anayi mphambu zisanu ndi ziwiri. Womvera ayenera kutchera khutu pa agwirizanitsi. "Makumi asanu ndi atatu" ndi 80 chifukwa "atatu" akugwirizana ndi makumi, pamene "makumi asanu mphambu zitatu" ndi 53.

Kuti tione kukula kwake, tiyerekeze kuti munthu akutchula nambala imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, osapuma. Kuti afike pa 2,147,483,647 angatenge zaka 68. Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu 17,563,749. Nambala yathuyi imaposa chiwerengero chimenechi maulendo 122.

Komatu kukula pakokha sikuipatsa ulemu wina uliwonse, chifukwa aliyense angathe kuwonjezera 1 n'kupeza ina yoiposa. Chimene chili chapadera chikuoneka tikafunsa kuti nambalayi imapangidwa bwanji.

Mpangidwe Wake

Titenge mwezi wa Januwale, umene uli ndi masiku 31. Pa tsiku loyamba tiike njere imodzi ya chimanga m'nkhokwe. Pa tsiku lachiwiri tiikemo ziwiri, lachitatu zinayi, lachinayi zisanu ndi zitatu, tsiku lililonse kuwirikiza kawiri za dzulo lake. Pakutha pa masiku atatu m'nkhokwe muli njere 7, pakutha pa masiku asanu muli 31, ndipo pakutha pa masiku khumi muli 1,023. Pa tsiku lomaliza la mwezi tidzaika njere 1,073,741,824, ndipo zonse pamodzi zidzakwana 2,147,483,647 ndendende.

Tikayang'anitsitsa tiona kuti 7 ndi 8 kuchotsa 1, 31 ndi 32 kuchotsa 1, ndipo 1,023 ndi 1,024 kuchotsa 1. Manambala 8, 32 ndi 1,024 amapezeka pochulukitsa ma 2 okhaokha: 8 ndi 2 × 2 × 2, ndipo mwachidule amalembedwa 2³. Chimodzimodzi, ma 2 okwana 31 akachulukitsidwa amapereka 2,147,483,648. Choncho nambala yathu ndi 2³¹ − 1.

Mpangidwe umenewu sumaoneka m'kalembedwe kamene tinazolowera. Ife timawerenga m'makumi potsata zala za m'manja, ndipo Chichewa chimapumiranso pa zisanu, n'chifukwa chake timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri. Koma pali kawerengedwe kena ka ziwiriziwiri, kamene kamagwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi. M'menemo 2 amalembedwa 10, 3 amalembedwa 11, 4 amalembedwa 100, ndipo 7 amalembedwa 111. Nambala ya 2,147,483,647 imalembedwa ndi ma 1 okwana 31 ondondozana, popanda 0 ngakhale mmodzi. Monga momwe 999 ilili nambala yaikulu kwambiri imene tingalembe m'malo atatu powerenga m'makumi, nayonso iyi ndi yaikulu kwambiri imene ingalembedwe m'malo 31 powerenga m'ziwiriziwiri.

Gulu Loyamba: Manambala Osagawika

Nambala ya 12 imagawika ndi 2, 3, 4 ndi 6 popanda chotsala. Nambala ya 13 imagawika ndi 1 ndi 13 yomweyo basi. Manambala a mtundu wachiwiriwu, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13, mabuku a masamu amawatcha prime, ndipo ine m'nkhani ino ndiziwatcha manambala osagawika. Ndi ofunika chifukwa nambala ina iliyonse yoposa 1 imapangidwa powachulukitsa iwowa, ndipo njira yake imakhala imodzi yokha. Mwachitsanzo, 60 ndi 2 × 2 × 3 × 5. Euclid, amene ankaphunzitsa ku Alexandria zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, anatsimikiza kuti manambala osagawika alibe mathero.

Nambala ya 2,147,483,647 ili m'gulu limeneli. Zina mwa zizindikiro zake n'zosavuta kuziona. Imathera ndi 7, choncho sigawika ndi 2 kapena 5. Madijiti ake tikawaphatikiza amakwana 46, ndipo popeza 46 sagawika ndi 3, nayonso sigawika ndi 3. N'zosangalatsa kuifanizira ndi manambala awiri oyandikana nayo. Ya m'munsi mwake, 2,147,483,646, ndi 2 × 3 × 3 × 7 × 11 × 31 × 151 × 331. Ya pamwamba pake, 2,147,483,648, ndi ma 2 okhaokha. Manambala atatu ondondozanawa ali ndi makhalidwe atatu osiyana kotheratu, ndipo maonekedwe awo pa pepala sangatiuze zimenezi.

Gulu Lachiwiri: Manambala a Mersenne

Manambala opangidwa pochulukitsa ma 2 n'kuchotsapo 1 amatchedwa manambala a Mersenne, potengera dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene anabadwa mu 1588 n'kumwalira mu 1648. Ena mwa iwo ndi osagawika, monga 3, 7, 31 ndi 127. Ena amagawika, monga 15 ndi 63.

Kawerengedwe ka ziwiriziwiri kamatithandiza kuona chifukwa chake. Nambala ya 63 ndi 2⁶ − 1, ndipo imalembedwa 111111. Ma 1 asanu ndi mmodziwa tingawadule m'timagulu tofanana, 11 11 11 kapena 111 111, ndipo n'chifukwa chake 63 amagawika ndi 3 komanso 7. Ma 1 okwana 31 sitingawadule m'timagulu tofanana chifukwa 31 ndi nambala yosagawika. Apa pakutuluka lamulo lakuti nambala ya Mersenne ingakhale yosagawika pokhapokha ngati chiwerengero cha ma 2 akenso ndi nambala yosagawika.

Vuto n'lakuti lamuloli siligwira mbali zonse. Nambala ya 11 ndi yosagawika, koma 2¹¹ − 1, imene ndi 2,047, ndi 23 × 89. Pietro Cataldi wa ku Bologna anatsimikiza mu 1588 kuti 2¹⁷ − 1 ndi 2¹⁹ − 1, amene ndi 131,071 ndi 524,287, ndi osagawika. Atatero ananenanso, popanda umboni, kuti zili chimodzimodzi tikaika 23, 29, 31 kapena 37. Mu 1640 Pierre de Fermat anaonetsa kuti 2²³ − 1 amagawika ndi 47 ndipo 2³⁷ − 1 amagawika ndi 223. Pambuyo pake Leonhard Euler anaonetsa kuti 2²⁹ − 1 nayenso amagawika. Mwa manambala anayi a Cataldi, atatu anagwa, n'kutsala wa 31 yekha.

Mersenne mwini wake anasindikiza mndandanda wake mu 1644. Iye anati pakati pa 2 ndi 257, manambala amene amabereka nambala yosagawika ndi 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Lero tikudziwa kuti 67 ndi 257 samayenera kukhalamo, ndipo 61, 89 ndi 107 anasiyidwa. Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti mawu a katswiri, ngakhale wotchuka, sanali okwanira kuika 2,147,483,647 m'gulu la manambala osagawika. Panafunika umboni.

Umboni wa Euler

Njira yodziwikiratu yoyesera nambala ndi kuigawa ndi manambala onse ocheperapo. Mwamwayi sitifunika kufika patali chotero. Nambala ikamagawika, imakhala manambala awiri ochulukitsidwa, ndipo onse awiri sangakhale aakulu nthawi imodzi. Poyesa 91, mwachitsanzo, sitipitirira 9 chifukwa 10 × 10 waposa kale 91, ndipo tisanafike pamenepo tipeza kuti 91 ndi 7 × 13. Pa nambala yathu malire ake ndi 46,340, chifukwa 46,341 × 46,341 ndi 2,147,488,281, imene yaiposa kale. Komabe pansi pa malire amenewa pali manambala osagawika oposa 4,700, ndipo kugawa nambala ya madijiti khumi maulendo onsewo ndi cholembera ndi ntchito yotopetsa, yosavutanso kulakwitsa.

Apa ndi pamene mpangidwe wa nambalayi unathandiza. Fermat anali atapeza kale kuti nambala yosagawika imene ingagawe nambala ya Mersenne yotere imakhala ndi maonekedwe odziwika. Pa 2¹¹ − 1, yoigawa iyenera kusiya 1 ikagawidwa ndi 22, ndipo zoonadi 23 ndi 22 + 1, pamene 89 ndi 88 + 1. Pa 2³¹ − 1, yoigawa iyenera kusiya 1 ikagawidwa ndi 62. Euler anawonjezera lamulo lachiwiri, lakuti yoigawayo iyeneranso kusiya 1 kapena 7 ikagawidwa ndi 8. Titha kuyesa lamuloli pa zitsanzo zathu: 23, 47 ndi 223 amasiya 7, ndipo 89 amasiya 1.

Malamulo awiriwa akaphatikizidwa, manambala oyenera kuyesedwa ndi okhawo amene amasiya 1 kapena 63 akagawidwa ndi 248. Amayamba motere: 249, 311, 497, 559, 745. Pansi pa 46,340 alipo 372 okha tikachotsa 63 mwini wakeyo, ndipo ambiri mwa iwo ndi ogawika kale kotero kuti safunikanso kuyesedwa. Woyamba wosagawika ndi 311. Tikagawa 2,147,483,647 ndi 311 timapeza 6,905,092, n'kutsala 35. Euler anayenda nawo onse motero ndipo sanapeze ngakhale mmodzi woigawa popanda chotsala. Analengeza zimenezi mu 1772 m'kalata yopita kwa mmodzi wa akatswiri a banja la Bernoulli. Panthawiyo n'kuti akukhala ku St Petersburg, ali ndi zaka 65, maso ake atachita khungu pafupifupi kotheratu. Kwa zaka zoposa 70 kuchokera pamenepo, iyi inali nambala yosagawika yaikulu kuposa zonse zimene anthu ankazidziwa.

Motero 2,147,483,647 ndi yachisanu ndi chitatu pa mndandanda wa manambala a Mersenne osagawika, pambuyo pa 3, 7, 31, 127, 8,191, 131,071 ndi 524,287. Ilinso m'kagulu kena kakang'ono kwambiri. Chiwerengero cha ma 2 ake, 31, nachonso ndi nambala ya Mersenne yosagawika, popeza ndi 2⁵ − 1. Manambala osagawika a Mersenne wa kawiri ngati ameneyu odziwika ndi anayi okha: 7, 127, 2,147,483,647 ndi 2¹²⁷ − 1, imene Édouard Lucas anaitsimikiza mu 1876.

Ubale Wake ndi Manambala Angwiro

Agiriki akale ankalemekeza gulu lina la manambala, amene ankawatcha angwiro. Nambala yangwiro ndi imene imafanana ndi manambala onse oigawa akaphatikizidwa, kupatula iyo yomwe. Nambala ya 6 imagawika ndi 1, 2 ndi 3, ndipo 1 + 2 + 3 ndi 6. Nayo 28 ndi 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Zotsatira zake ndi 496 ndi 8,128.

Euclid anaonetsa kuti nambala ya Mersenne iliyonse yosagawika imabereka nambala yangwiro. Timawonjezera 1, n'kutenga theka, kenaka n'kuchulukitsa ndi nambala yoyambayo. Pa 7 timapeza 4 × 7, amene ndi 28. Pa 31 timapeza 16 × 31, amene ndi 496. Euler anatsimikiza kuti nambala yangwiro iliyonse yogawika ndi 2 imapangidwa mwa njira yomweyi. Funso lakuti kodi ilipo nambala yangwiro yosagawika ndi 2 silinayankhidwebe ndi akatswiri a masamu.

Nambala ya 2,147,483,647 payokha si yangwiro, chifukwa yoigawa yocheperapo ndi 1 yekha. Koma imabereka yachisanu ndi chitatu mwa manambala angwiro: 1,073,741,824 × 2,147,483,647, imene ndi 2,305,843,008,139,952,128. Mu 1811 Peter Barlow wa ku England analemba m'buku lake la masamu maganizo akuti mwina palibe amene adzapeze nambala yangwiro yoposa imeneyi, chifukwa manambala otere ndi ongochititsa chidwi chabe, opanda ntchito. Mu 1883 Ivan Pervushin wa ku Russia anatsimikiza kuti 2⁶¹ − 1 ndi yosagawika, ndipo yangwiro yachisanu ndi chinayi inapezeka. Kufufuzaku sikunaime. Kuyambira mu 1996 gulu la GIMPS limagawira ntchitoyi makompyuta a anthu odzipereka m'mayiko ambiri, pajatu mutu umodzi susenza denga. Mu Okutobala 2024 gululi linapeza nambala ya Mersenne yosagawika ya chi 52 mwa zodziwika, 2¹³⁶²⁷⁹⁸⁴¹ − 1, imene ili ndi madijiti 41,024,320.

Malire a Makompyuta

Kompyuta imasunga nambala m'timalo totchedwa mabiti, ndipo biti iliyonse imakhala 0 kapena 1. Kwa zaka zambiri mapulogalamu ankapatsa nambala imodzi mabiti 32. Biti imodzi imasonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro, ndipo otsala ndi 31. Onsewo akakhala 1, tafika pa 2,147,483,647. Kuwonjezerapo 1 kumachititsa zofanana ndi zimene imachita mita yowerenga makilomita m'galimoto yakale ikafika pa 999,999 n'kubwerera pa ziro. Kusiyana kwake n'kwakuti kompyuta imagwera pansi pa ziro, pa −2,147,483,648.

Zitsanzo zake zaoneka kale. Mu Disembala 2014, kanema wa nyimbo ya Gangnam Style atawonedwa maulendo oposa nambalayi, a YouTube analengeza kuti kawerengedwe kawo anakasamutsira ku mabiti 64. Mu 2015 bungwe loyang'anira za ndege ku United States, la FAA, linachenjeza kuti makina oyendetsa majenereta a ndege za Boeing 787 angathe kuzima ngati akhala oyaka masiku 248 mosalekeza, chifukwa kowerengera nthawi ka m'pulogalamu yake kamasefukira. Bungweli linalamula kuti magetsi a ndegezo azizimitsidwa n'kuyatsidwanso nthawi ndi nthawi kufikira pulogalamuyo itakonzedwa. Tikagawa sekondi m'zigawo 100 n'kuwerenga zigawozo mpaka 2,147,483,647, timapeza masiku 248 ndi theka. Ndinene pano kuti 248 ameneyu wangofanana mwangozi ndi wa Euler uja.

Nkhawa yaikulu ndi ya chaka cha 2038. Makompyuta otsata dongosolo la Unix amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Sekondi ya chi 2,147,483,647 idzakwana pa 19 Januwale 2038, nthawi ya 03:14:07 pa wotchi ya UTC, kuno ku Malawi ili 05:14:07 m'mawa. Makina amene adzakhale akusungabe nthawi m'mabiti 32 adzaona ngati tsikulo ndi 13 Disembala 1901. Makompyuta ndi mafoni ambiri atsopano anasamukira kale ku mabiti 64, amene malire ake ndi 9,223,372,036,854,775,807, masekondi okwanira zaka mabiliyoni 292. Chiopsezo chatsalira pa makina akale ndi timakompyuta tobisika m'zipangizo zimene zimagwira ntchito zaka makumi angapo osasinthidwa.

Tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri pano. Vuto la 2038 likuchokera pa ma 1 okwana 31 aja, ndipo likanakhalapobe ngakhale nambalayi ikanakhala yogawika. Koma pali malo amodzi pamene makhalidwe onse awiri amagwira ntchito limodzi. Ofufuza amafuna manambala ooneka ngati achisawawa, mwachitsanzo posankha anthu oti afunsidwe mafunso pa kafukufuku. Mu 1988 Stephen Park ndi Keith Miller analimbikitsa njira iyi: tenga nambala, uichulukitse ndi 16,807, ugawe ndi 2,147,483,647, usunge chotsala, kenaka ubwereze ndi chotsalacho. Tikayamba ndi 1 timapeza 16,807, kenaka 282,475,249, kenaka 1,622,650,073. Popeza nambala yogawirayo ndi yosagawika, chotsala sichikhala ziro, ndipo popeza 16,807 anasankhidwa bwino, mndandandawu umadutsa manambala onse 2,147,483,646 usanayambe kubwereza. Popezanso nambalayi imakwana ndendende m'mabiti 31, makompyuta a nthawiyo ankaisunga mosavuta. Umboni wa Euler wa mu 1772 unadzapeza ntchito, mosiyana ndi zimene Barlow ankaganiza.

Mawu Otsiriza

M'nkhani ino ndaonetsa kuti 2,147,483,647 ndi nambala yosagawika, yachisanu ndi chitatu mwa manambala a Mersenne osagawika, imodzi mwa anayi odziwika a Mersenne wa kawiri, komanso kholo la nambala yangwiro yachisanu ndi chitatu. Ndaonetsanso kuti mpangidwe wake wa 2³¹ − 1 ndi umene unachepetsa ntchito ya Euler kuchoka pa manambala oposa 4,700 kufika pa osapitirira 372, ndipo ndi womwewo umene unaika malire pa kawerengedwe ka mabiti 32.

Kwa ife ophunzira za chiyankhulo pali phunziro limodzi lotiyandikira. Kuti nambalayi imathera ndi 7, kapena kuti madijiti ake amakwana 46, ndi nkhani ya kalembedwe ka m'makumi, ndipo zimasintha tikasintha kawerengedwe. Kuti ndi yosagawika sikusintha, kaya tiitchule m'Chichewa, m'Chingerezi kapena tiilembe ndi ma 1 okwana 31. Cataldi ndi Mersenne anaika manambala m'gulu potengera maonekedwe, ndipo ena mwa iwo anadzachotsedwamo. Euler anayesa khalidwe la nambalayi poigawa, monga momwe ife timayesera dzina poliika m'chiganizo, ndipo zimene anapeza zikugwirabe ntchito mpaka lero.